Lipoti la nkhani: nkhokwe imodzi, nyumba ziwiri m'chilala cha 2024 ku Katete

Ndine mlangizi wa zaulimi m'boma la Katete, kum'mawa kwa Zambia. Lipoti ili ndi la banja limodzi limene ndinayenda nalo kuyambira Juni 2023 mpaka kukolola kwa 2025. Maina a anthu ndi a mudzi ndawabisa. Mwini nyumba ndizingowatchula kuti Amayi, monga ndimawaitanira. Ndalembera makamaka alangizi anzanga ndi a m'makomiti oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi m'midzi, chifukwa pali pamene ndinawerengera molakwa, ndipo kulakwako kunatsala pang'ono kutitayitsa mwana.

Amayi ndi wamasiye wa zaka zongopitirira 50. Pakhomo pawo pankadya anthu 7: iwowo, mayi awo okalamba, ana atatu a pasukulu, ndi adzukulu awiri amene mayi wawo ali pantchito ku Lusaka. Munda ndi wa malima 6, ndiye kuti hekitala imodzi ndi theka, wochokera kuchikazi monga mwa mwambo wathu, ndipo kumunsi kwake kuli kadimba m'mphepete mwa dambo. Anali ndi mbuzi 7 ndi nkhuku zowerengeka. Ng'ombe analibe.

Kuseri kwa nyumba yawo, poti munthu ukaitana akumva, kuli nyumba ya mlongo wawo wamwamuna, mwini mbumba, amene anatenga mkazi wake chitengwa. Ana amawatchula Atsibweni, nanenso ndiwatchula choncho. Kumeneko kuli anthu 6, munda wokulirapo ndi ng'ombe ziwiri za pagoli. M'kaundula wanga nyumba ziwirizi zinali pa mizere iwiri yosiyana, chifukwa mafomu athu amalembera nyumba payokhapayokha.

Sikelo ya mu Juni 2023

Chaka cha 2023 tinakolola bwino. Dziko lonse linapeza chimanga chopitirira matani 3.2 miliyoni. Amayi anatuta matumba 34, Atsibweni pafupifupi 60. FRA, bungwe la boma logula ndi kusunga chimanga, inalengeza mtengo wa K280 pa thumba la makilogalamu 50, koma kudepoti chimanga chimafunika chiume kufika pa 12.5 peresenti, pamene ogula oyendayenda anali atapachika kale masikelo awo pamitengo ya m'mbali mwa msewu, ndalama zili m'manja. Kutsidya kwa malire chinkafunikanso kwambiri, pakuti mu Malichi chaka chomwecho namondwe Freddy anali atasakaza kummwera kwa Malawi.

Amayi anagulitsa matumba 9 okha, ndi nsawa zochepa, nkusunga 25. Sindinawalangize ndine. Anati mayi awo anawakaniza, chifukwa agogowo anaona chilala cha 1992 ndipo salola kuti nkhokwe itsike mvula ina isanaoneke mtima wake. Atsibweni anasunga matumba 12, ena onse anagulitsa nkugula njinga yamoto yonyamulira anthu. Sindiwadzudzula pa njingayo, ndipo mudzaona kutsogoloku chifukwa chake. Koma pofika Disembala anali atayamba kale kugula chimanga cha pameda, kachidebe koyezera pamsika.

Mvula isanayambe, a zanyengo analengeza kuti kuli El Niño, kusintha kwa nyengo kumene kumachepetsa mvula kuno, ndipo madera ambiri akhoza kulandira mvula yochepa. Uthengawo ndinaunena pamsonkhano umodzi mu Okutobala, pakati pa nkhani za feteleza wa FISP, pulogalamu ya boma yothandiza alimi ndi zipangizo zaulimi, anthu ali ndi maso pa mndandanda wa maina. Ndinalankhula za mbewu zocha msanga, kubzala m'maenje, kuphimbira nthaka. Anagwedeza mitu. Koma pa nthawiyo chimanga cha mudzi chinali chitakwera kale malole, ndipo chenjezo langa silikanachibweza.

Amayi anatengapo chimodzi: lima imodzi ya kumunsi anaikumba maenje akuya pafupifupi masentimita 20, kuboola dothi louma lija limene khasu la mizere siliboola, nkuthiramo manyowa a m'khola la mbuzi. Malima enawo analima mizere monga mwa masiku onse.

Febuluwale

Mvula inadula kumapeto kwa Januwale 2024, chimanga chikuyamba kumasula. Aliyense wa ife amadziwa kuti nthawi imeneyi ndiyo yoopsa: mungu wa ku ngayaye uyenera kugwera pa ndevu zidakali zaziwisi, koma kukauma ndevu zimachedwa kutuluka, mungu umafa ndi kutentha, ndipo chitsononkho chimadzangokhala ndi njere apo ndi apo ngati mano a nkhalamba. Sabata yoyamba masamba ankapotana masana nkutambasuka usiku. Sabata yachitatu ndinalowa m'munda wa Amayi m'mamawa, mame kulibe, masamba ali opotanabe ngati a anyezi, ndipo ukawagwira ankalira ngati pepala. Ndinadziwa kuti zapita. Loweruka lomaliza la Febuluwale magalimoto ankadutsa pa Great East Road kupita ku Mtenguleni ku Nc'wala, mwambo wolawa zoyamba kucha, ife tili chiimire m'minda yopserera. Pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse: maboma 84 mwa 116 anali atakhudzidwa, ndipo mahekitala pafupifupi 1 miliyoni a chimanga, mwa 2.2 miliyoni amene anabzalidwa, anali atawonongeka.

Kuwerengera koyamba

Sabata yoyamba ya Malichi ndinakhala pakhonde la Amayi ndi kope. Anthu ambiri m'mudzi ankayang'anabe kumwamba, kunena kuti ikagwa mawa chitsitsimuka. Ine ndinawapempha Amayi kuti tisiye za kumwamba, tiwerenge zimene zili pansi.

"Amayi, thumba limodzi limakutengerani masiku angati?"

"Masabata awiri ndi masiku awiri kapena atatu, Alangizi. Kukabwera alendo silifika."

M'nyumba munatsala matumba 6. Titayenda m'munda tinaona kuti lima ya maenje ija, ngakhale inavutika, ibereka ndithu, kwinako ayi. Tinayerekeza matumba 5, ndipo pokolola anakwanadi 5. Ndiye kuti 11, pamene kuti afike pa kukolola kwa 2025 pankafunika oposa 20.

Tinagwirizana zinthu zingapo tsiku lomwelo, ndipo chovuta kwambiri chinali cha mbuzi. Ndinawauza kuti agulitse zinayi sabata yomweyo. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Mbuzi ndiye banki ya mayi wamasiye, ndipo munthu sathyola banki nsima ikadali m'nyumba. Koma m'chaka cha njala mitengo iwiri imayenda mosemphana: chimanga chimakwera mwezi ndi mwezi, ziweto zimatsika, chifukwa msipu ukatha zimaonda ndipo aliyense amazithamangitsira kumsika nthawi imodzi. Mu Malichi mbuzi ya Amayi inkagulabe thumba ndi theka. Pofika Okutobala ndinaona ndi maso anga anthu akupereka mbuzi pa chimanga chosakwana thumba. Mbuzi zinayi zija zinabweretsa matumba 6, amene tinawaika m'matumba osalowa mpweya a PICS kuti nankafumbwe asawalowe. Zinatsala zazikazi ziwiri ndi tonde.

Chachiwiri, anasiya kukonola. Ufa woyera ndi wokoma, koma pokonola ndi kuviika gawo lalikulu ndithu la chimanga limapita ku gaga ndi m'madzi, pamodzi ndi mafuta a m'kamtima ka njere. Anayamba mgaiwa. Agogo anadandaula masiku angapo kenaka anazolowera.

Chachitatu chinali kuthamangira chinyezi chotsala. Mvula itagwa pang'ono mu Malichi, anazula chimanga chakufa pa lima imodzi nkubzala khobwe wocha msanga, amene pa miyezi iwiri ndi masabata ochepa amakhala atapsa, ndipo m'mphepete mwa dambo anaunda mizere ya mbatata, kandolo monga tinenera kuno. Masamba a khobwe ndi nkhwani anafutsa ochuluka, mpaka zikwatu kudzaza kudenga la khitchini.

Titaphatikiza, matumba anakhala 17. Ndi mgaiwa, mbatata m'mawa ndi khobwe, thumba likanatha masabata atatu, ndipo 17 akanawafikitsa mu Febuluwale 2025, pamene maungu ndi chimanga chachiwisi zimayamba kupulumutsa anthu. Ndinatseka kope ndili wokhutira. Kunyumba ya kuseri sindinapiteko tsiku limenelo, chifukwa m'maganizo mwanga munthu wa ng'ombe ziwiri ndi njinga yamoto sanali woyamba kumudera nkhawa.

Miyezi ya chisanu inadutsa mooneka bwino. Kukolola kwa dziko lonse kunatsika kufika pa matani pafupifupi 1.5 miliyoni, osakwana theka la chaka chapitacho. Madzi atachepa kudamu la magetsi la Kariba, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, ndipo zimenezi zinafika mpaka kumudzi kopanda waya: chigayo cha magetsi cha pamsika chinkangolira usiku, amayi nkumagona pamzere ndi matumba awo, cha dizilo chitakweza mtengo. Ndinkadutsa pa Amayi kamodzi pamwezi, kuona dimba, kufunsa za mbozi. Za matumba sindinafunsenso, popeza ndinali nditawerengera kale.

Seputembala

Patapita masiku ochepa Kulamba, mwambo wa Achewa, itachitika ku Mkaika, ndinalowa m'chipinda chosungiramo kuti ndione ngati matumba sanabooke. Ndinkayembekezera kupeza 8. Ndinapeza 5.

Amayi sanabise. Kuyambira mu Juni, ana atatu a Atsibweni ankabwera madzulo alionse nthawi ya nsima. Poyamba ankangokhala pafupi ndi moto, kenaka anayamba kusamba m'manja limodzi ndi anzawo. Masiku ena ankapatsidwanso kambale kopita nako kwa mayi awo. Kwa Atsibweni munda wonse wa mizere unali utapsa, osatutako ngakhale ngolo imodzi. Okwera njinga anachepa chifukwa anthu analibe ndalama zoyendera. Atsibweni anatenga kaloba, ngongole yobweza ndi theka pamwamba pakutha kwa mwezi, ndipo zonsezi anazisunga mumtima, pakuti mwini mbumba ndiye amathandiza alongo ake, sapita kukapempha.

Ndinafunsa funso limene ndimachita nalo manyazi mpaka lero: "Nanga bwanji simunawauze kuti chimangachi n'chowerengera?"

"Alangizi, ndikanawapirikitsa? Aja ndi ana a mlongo wanga, ine ndine azakhali awo. Chibale n'fupa, sichiwola. Inu munawerenga anthu a m'nyumba muno, koma nkhokwe ya pamudzi siidziwa khoma."

Thumba tsopano linkatha m'masiku 12. Matumba 5 akanatha kumayambiriro kwa Novembala, mvula isanagwe nkomwe, miyezi yowawitsitsa ikadali patsogolo.

Ndinapita kuseri tsiku lomwelo, ndipo chimene ndinakapeza ndicho chandilembetsa lipotili. Ana atatu amene ankatha kuyenda okha kupita kwa azakhali anali oonda koma amphamvu. Wachinayi, wa chaka ndi miyezi 8, ndiye ankatsala kumbuyo kwa mayi ake, amene ankakhalira ganyu m'madimba a eni tsiku lonse. Mwanayo ankalandira phala lamadzimadzi kawiri pa tsiku, lopanda nsinjiro. Anali atakhala pamphasa, osalira, osasewera, tsitsi litasanduka lofiirira ndi lopyapyala, ndipo mayi ake anati wakhala akutsegula m'mimba masiku asanu. Mjigo wa pamudzi unkatulutsa madzi pang'ono m'mamawa mokha, choncho ankatunga pachitsime cha kudambo pamene ng'ombe zimamwera.

Ine si wa zaumoyo, ndipo sindinayese kudziyesa dokotala. Ndinaitana mayi wodzipereka wa zaumoyo wa m'mudzimo, amene anabwera ndi lamba woyezera mkono. Anamukulunga pakati pa phewa ndi chigongono, ndipo lambayo anaima pofiira, kutanthauza kuti sanafike masentimita 11.5. Anadina chala pamwamba pa phazi kuona ngati patsala dzenje. Mwamwayi panalibe kutupa. Tinasungunula madzi a moyo, mankhwala a mchere ndi shuga a otsegula m'mimba, m'madzi owiritsa nkumamumwetsa pang'onopang'ono ndi supuni, ndipo njinga yamoto ija, imene ndinkaiona ngati gwero la mavuto, ndiyo inamufikitsa kuchipatala dzuwa lisanalowe. Anamulandira, namupatsa mankhwala ndi chiponde cha ana onyentchera, ndipo mayi ake ankapita naye kusikelo sabata iliyonse. Kumayambiriro kwa chaka chomwecho dziko linali litavutika ndi kolera mpaka masukulu kutsegulidwa mochedwa mu Febuluwale, choncho nkhani ya klorini sinali yachilendo. Chimene chinasowa chinali munthu woima pakhomo nkufunsa kuti madzi mukutunga kuti.

Kuwerengera kwachiwiri

Tinakhala pansi pa mtengo kwa a Nyakwawa: Amayi, agogo, Atsibweni ndi akazi awo. Ndinayamba ndine kuvomera kuti ndinawerenga nyumba imodzi pamene mphika unali wa ziwiri. Ndikhulupirira kuti zimenezo zinawapeputsira Atsibweni, chifukwa pambuyo pake anatchula okha ngongole yonse, mutu uli pansi. Agogo ndiwo anagamula: "Kuyambira lero moto ndi umodzi. Wamng'onoyu adye poyamba."

Anthu tsopano anali 13. Tinagwirizana kuti ndalama ya njinga ya tsiku lililonse, mafuta akachotsedwa, izigula chimanga tsiku lomwelo, ngakhale meda imodzi, isagone m'thumba. Ena pamsonkhanopo ankati njingayo igulitsidwe. Ndinakana, ndipo mpaka pano ndikuona kuti ndinakana bwino: ikanapita pamtengo wotaya, ndipo ndi chinthu chokhacho pamudzipo chimene chinkabweretsa ndalama popanda kudalira mvula. Kaloba ndiye ankayenera kufa msanga, chifukwa ankakula mwezi uliwonse kuposa chilichonse chimene akanapeza. Ng'ombe imodzi inagulitsidwa, yoonda, pamtengo womvetsa chisoni. Ikanagulitsidwa mu Malichi pamodzi ndi mbuzi zija ikanabweretsa pafupifupi kawiri, ndipo kaloba sakanatengedwa nkomwe.

Dimba linakhala ntchito ya amuna ndi anyamata onse. Anakumba chitsime chachiwiri chozama, nkuchitchinga ndi minga kuti ziweto zisafike, anakulitsa mabedi a repu ndi tomato, nabzala chimanga cha m'dimba chimene chinayamba kudyedwa mu Disembala. Madzi akumwa ankathira klorini kapena kuwiritsa, ndipo chidebe cha mwana chinali chakechake, chovundikira.

Thandizo la boma linafika ndipo linathandiza. Atsibweni analowa m'gulu la Cash for Work, kukonza misewu ya m'midzi masiku 10 pamwezi pa K60 tsiku lililonse. Agogo anali kale pa mndandanda wa Social Cash Transfer, ndalama ya boma yothandiza osowa, imene m'chilalacho inakwezedwa kufika K400 pamwezi. FRA inkagulitsanso chimanga kumadera, ndipo ndalama ikapezeka ankagula kumeneko. Mwa ndalama zoyambirira tinapatula K400 ya chopereka cha mlimi ku FISP nkuisungitsa kwa agogo, chifukwa banja lodya mbewu kapena kugulitsa feteleza limakhala layitana njala yachiwiri yoyamba isanathe. Komabe ndinene mosabisa kuti thandizo lonseli likanapeza nyumba yopanda kanthu, silikanakwanira anthu 13. Linakwanira chifukwa linagwera pa matumba 5 aja, pa mfutso, pa khobwe ndi pa dimba.

Januwale ndi Febuluwale 2025 zinali zowawa. Nsima inali kamodzi pa tsiku, madzulo. Masana ana ankadya mango osapsa ophika, kenaka mango atatha, nkhwani ndi mfutso wothira nsinjiro pang'ono. Wamng'ono uja yekha ndiye ankadya kanayi, phala la mgaiwa losakaniza ufa wa khobwe ndi nsawa. Akuluakulu ankapalira ali ndi chizungulire, ndipo malima awiri a Atsibweni anagonja ndi udzu chifukwa masiku opalira anathera kuganyu. Lamba wa mwana anachoka pofiira patatha pafupifupi miyezi iwiri, nafika pobiriwira chaka chisanathe. Pamudzipo sipanagwe maliro.

Zimene ndasintha pa ntchito yanga

Kaundula wa boma ndimalembabe monga afunira, nyumba ndi nyumba. Koma m'kope langa ndinawonjezera funso limene ndimafunsa mayi wa pakhomo, osati bambo, ndipo ndimamufunsa ali yekha: kukavuta, ndani adzadya pano, ndipo inu mudzakadya kwa yani? Mayankho ake ajambula mudzi wosiyana kwambiri ndi wa pafomu. Pali nkhokwe zina zimene kumbuyo kwake kuli nyumba zitatu. Pali nyumba zooneka zolemera, za malata ndi ng'ombe, zimene zilibe chimanga chofika Khirisimasi, ndipo eni ake ndiwo omaliza kuulula. Ndikalowa pakhomo m'chaka chovuta ndimafunsanso za mwana amene sanayambe kuyenda yekha kupita kumene kuli nsima, ndipo ndimayenda ndi wodzipereka wa zaumoyo ngati n'kotheka.

Msonkhano wokonzekera njala ndinauchotsa mu Okutobala. Tsopano ndimaupanga mu Meyi, chimanga chili pamikukwe, masikelo asanapachikidwe. Timawerenga pakamwa ponse pa mbumba, timachulukitsa ndi miyezi 14 osati 12, ndipo chotsala ndicho chogulitsa. Ena amanyinyirika kuti ndikuwatsekera ndalama, makamaka chaka ngati 2025 pamene dziko linakolola matani opitirira 3.6 miliyoni ndipo njala inaoneka ngati nkhani yakale. Ndimawamvetsa, pakuti sukulu, sopo ndi feteleza sizidikira. Pamenepo timakambirana zogulitsa nsawa, soya kapena mpendadzuwa poyamba, chimanga chikhale chomaliza kutuluka.

Mu Meyi 2025 Amayi anatuta matumba 31, malima atatu tsopano ali a maenje. Atsibweni anatuta 38. Ng'ombe yachiwiri sanaibwezeretse, amabwereka ya mnansi kuti akwanitse goli, ndipo mwana uja, ngakhale akuthamanga, ndi wamfupi poyerekeza ndi anzake obadwa nawo chaka chimodzi; kusikelo akumuyang'anirabe. Tsiku lowerengera, tisanamalize nkomwe, Atsibweni anakweza matumba 15 pangolo nkukawatsitsa m'chipinda cha mlongo wawo, pamwamba pa 24 amene Amayi anasunga. Anagula loko watsopano, ndipo kiyi anaipereka kwa agogo, amene anaimanga pa mkanda wa m'khosi mwawo.